Mzere wa Nyerere Uli ndi Nsonga Ziwiri

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Kitwe ndi ku Ndola, dzuwa limakhala loswa mtengo. Udzu wa m'mphepete mwa msewu waukulu wolumikiza mizinda iwiriyi umakhala utapsa kale, fumbi lili koboo, ndipo dothi la m'mabwalo a nyumba limauma gwa mpaka kung'aluka. Imeneyi ndiyo nyengo imene nyerere zimalowa m'nyumba. Ku Wusakile, ku Chimwemwe, ku Chamboli, ku Chifubu, ku Masala, ngakhalenso m'nyumba za mipanda ya njerwa za ku Parklands ndi ku Kansenshi, nkhani imakhala imodzi: mayi wadzuka m'mamawa kuti atereke madzi a tiyi, wapeza mzere wofiirira watsika pakhoma, wadutsa pansi pa zenera, wakathera pa chitini cha shuga kapena pa mbale ya kapenta wotsala dzulo. Maso athu amathamangira kumene mzerewo wathera, pakuti kumeneko n'kumene chathu chikudyedwa. Timapukuta, timapopera mankhwala, timakalipira mwana amene sanatseke chitini. Koma mzere uli ndi nsonga ziwiri, ndipo nsonga inayo, imene yalowa mumng'alu wa simenti n'kukatulukira panja, ndi ochepa amene amaitsata. Ine ndakhala ndikuitsata, ndipo zimene ndapeza kumeneko zandichititsa kuona mwa mtundu wina nyumba zathu za ku migodi, ndiponso amayi amene amanyozeka chifukwa cha tizilomboti.

Wofuna kuidziwa nyerereyi agwade pansi, ayang'anitsitse. Zambiri za mumzeremo n'zazing'ono zedi, zotalika mamilimita 2 okha, zofiirira moderako. Koma apo ndi apo mumadutsa ina yokulirapo, yofika mamilimita 3 kapena 4, ya mutu waukulu moti umaoneka kuti ukuilemera. Ana amati imeneyo ndi msilikali, ndipo salakwa kwenikweni, chifukwa imatetezadi chisa. Koma ntchito yake ina ya tsiku ndi tsiku ndi kuduladula chakudya cholimba ndi zibwano zake zamphamvu kuti zing'onozing'onozo zithe kunyamula. Nyerere zokhala ndi antchito a misinkhu iwiri chonchi n'za mtundu wa Pheidole, ndipo yodziwika kwambiri m'nyumba za kum'mwera kwa Africa ndi Pheidole megacephala. Woyamba kuilemba m'mabuku a sayansi anali Johan Christian Fabricius wa ku Denmark, m'chaka cha 1793, ndipo nyerere zimene anayeza zinatoledwa pa chilumba cha Mauritius. Akatswiri ambiri amati kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa, koma zombo zinaifalitsa mpaka ku Hawaii, ku Australia ndi ku zilumba zakutali, moti lero bungwe la IUCN linaiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zimene zimawononga koopsa zikalowerera m'dziko la eni. Siluma mopweteka. Shuga imamukonda, inde, koma mtima wake uli pa zamafuta ndi zankhuli: kapenta wa ku Mpulungu amene tagula pa msika wa Chisokone, nsinjiro, chiponde, mafupa a nkhuku, dontho la mafuta ophikira logwera pafupi ndi mbaula, mphemvu yofera kuseri kwa kabati. N'chifukwa chake mayi amene watseka shuga bwinobwino amadabwa kuzipezabe zili piringupiringu pa poto.

Pali khalidwe lake limodzi limene limaopsa eni nyumba ku Copperbelt kuno. Imatulutsa timilu ta dothi losalala m'ming'alu ya pansi ndi m'mphepete mwa khoma, ndipo nthawi zina imamanga tinjira tofolera ndi dothi. Munthu akaona zimenezi mtima umamugunda, poganiza kuti chiswe chalowa ndipo mitanda ya denga yatha. Manthawo ndi omveka m'dera limene zulu zake zina zimatalika kuposa nyumba, ndipo anthu amaumba njerwa zambirimbiri kuchokera pa chulu chimodzi. Koma zuluzo n'za chiswe, ndipo chiswe ndi mbale wa mphemvu, pamene nyerere ndi abale a mavu ndi njuchi. Kusiyanitsa n'kosavuta. Nyerere ili ndi chiuno chowonda kwambiri ndi tinyanga topindika pakati. Chiswe chilibe chiuno chotero, ndipo thupi lake n'lotuwa, lofewa. Nyerere ya mutu waukuluyi sidya matabwa. Ikakumana ndi chiswe imachigwira n'kupita nacho kuchisa.

Chimene chinandiyambitsa kuwerenga za nyerere ndi misozi ya mng'ono wanga. Iye anakwatiwa ku Ndola, amakhala ku Chifubu m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndipo ndi mkazi wokolopa m'mawa ndi madzulo. Apongozi ake anabwera kuchokera ku Katete kudzaona mdzukulu, nyengo yotentha yomweyi. Tsiku lina m'mawa anapeza nyerere zitadzaza m'kapu ya mwana imene inatsukidwa usiku. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Apongozi, kodi m'nyumba muno tsache limayendamo?" Mng'ono wanga anagwada, nati, "Ndimasesa, amayi." Madzulo anandiimbira foni atabisala kuseri kwa nyumba. "Asisi, nditani ine? Akabwerera kumudzi akanena kuti mwana wawo anakwatira mkazi wauve." Amayi aja sindiwaimba mlandu. Tonse tinaleredwa kuti nyerere, ntchentche ndi mphemvu ndi mboni za uve, ndipo mtsikana akamalangizidwa, ukhondo wa pakhomo umanenedwa mobwerezabwereza. Koma kapu ija inali yotsuka. Chimene nyerere zinatsata m'menemo ndi timadontho ta madzi totsalira pansi pake, chifukwa panja ponse panalibe chinyezi.

Deborah Gordon, katswiri wa nyerere wa pa Stanford University ku California, anafufuza zimenezi ndi anzake m'nyumba 69, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2001. Eni nyumba ankanena sabata ndi sabata kuchuluka kwa nyerere zimene aona ndi mankhwala amene agwiritsa ntchito. Nyerere za kumeneko n'za mtundu wina, wochokera ku South America, koma zimene anapezazo n'zimene ifenso timaona ndi maso. Zinkalowa m'nyumba zambiri pa nthawi imodzi, kukazizira n'kunyowa kwambiri kapena kukatentha n'kuuma kwambiri, ndipo zinkachepa nyengo ikasintha, kaya mwini nyumba wapopera kaya sanapopere. Kwathu kuno nthawi zake n'ziwirinso. Yoyamba ndi Seputembala ndi Okutobala, pamene zimasaka madzi. Yachiwiri ndi ya mvula zoyamba, mu Novembala ndi Disembala. Copperbelt imalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka, ndipo madzi akasefukira m'mauna, nyerere zimasenza mazira ndi mphutsi zawo kupita nazo pouma, pansi pa simenti ya nyumba kapena m'kati mwa khoma. Nyumba imene mbale zimagona zosatsuka idzaona nyerere zochuluka, zimenezo n'zoona. Koma nyumba yoyera mbee nayonso idzaziona, ndipo si chilungamo kuyeza khalidwe la mkazi ndi tizilombo timene tathawa ludzu kapena chigumula.

Chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi poyera. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba atatsika, magetsi ankathima maola 17 patsiku, pena kupitirira apo. Mafiliji anangokhala makabati. Ndiwo zimene zinkagona m'filiji zinayamba kugona patebulo, ndipo popeza mipopi nayo inkauma, khitchini iliyonse inadzaza ndowa ndi zigubu za madzi. Anzanga a ku Riverside ndi ku Northrise amene ankaganiza kuti nyerere ndi vuto la kukomboni anazilandira chaka chimenecho, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anali atasiya kusesa.

Tsono titsate mzere uja chobwerera. Palibe nyerere imene imalamula zinzake, ndipo palibe imene inakonza njirayo. Zimatuluka zingapo, iliyonse payokha, kuyendayenda uku ndi uku. Imodzi ikapeza chakudya imabwerera ikukhudzitsa kumbuyo kwake pansi, n'kumasiya kafungo kamene mphuno zathu sizingamve. Zinzake zikapeza fungolo ndi tinyanga tawo zimalitsata, ndipo pobwerera nazonso zimawonjezerapo. Njira yaifupi imadutsidwa kawirikawiri kuposa yaitali, choncho fungo lake limakula msanga, yaitaliyo n'kufa yokha. Ofufuza a ku Brussels anaonetsa zimenezi mu 1989 poika timilatho tiwiri, kakafupi ndi kakatali, pakati pa chisa ndi chakudya. Pasanapite nthawi, pafupifupi zonse zinkadutsa pa kakafupi. Chakudya chikatha, zobwerera zimaleka kusiya fungo, limene linalipo limauluka, mzere n'kuzimirira. Mwana aliyense wa kukomboni anayesapo kudutsitsa chala pakati pa mzere n'kuona nyerere zikubalalika mosokonezeka. Chala chafufuta fungo, basi. Ndiye kupukuta njira yonse ndi madzi a sopo kapena a viniga, kuyambira patebulo mpaka pamng'alu, kumathandiza kuposa kupha zimene zaunjikana pa shuga.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi mimba yake. Nyerere yokhwima simeza chakudya cholimba. M'kamwa mwake muli kasefa kolola zamadzimadzi zokha. Zamadzizo zambiri sizipita m'mimba yeniyeni yogaya, zimaima m'kathumba kena kosungira, ndipo nyerereyo ikafika kuchisa imabzikula n'kumwetsa zinzake pakamwa ndi pakamwa. Izonso zimamwetsa zina, mpaka dontho limodzi la madzi a shuga lafika kwa nyerere zambirimbiri zimene sizinatulukepo panja. Zolimba, monga kachidutswa ka kapenta, zimaperekedwa kwa mphutsi, ana opanda miyendo amene amagona mumdima, pakuti ndiwo amatha kugaya nyama ndipo ndiwo akuifuna kuti akule. Choncho nyerere imene mwaiona ikulimbana ndi mutu wa kapenta sikukadya yokha. Antchito onsewa ndi aakazi, ndipo sabereka. Aamuna amaswedwa kuchokera ku mazira osakhudzidwa ndi umuna. Ali ndi mapiko, ntchito yawo ndi kukwera manthu, akatero amafa. Manthu amasunga umunawo m'thupi mwake n'kumaikira mazira moyo wake wonse. Ngakhale msilikali uja sanabadwe msilikali: ndi mphutsi imene inadyetsedwa bwino pa nthawi inayake ya kukula kwake. Ndipo pakati pa antchito, achichepere amatsala m'kati kulera mphutsi. Amene amatuluka kunja, kumene kuli abuluzi, akangaude ndi mapazi athu, kawirikawiri ndi okalamba amene masiku awo atsala ochepa.

Wolingalira zimenezi aona chifukwa chake mankhwala opopera amatinamiza. Timapha gulu la okalamba, mzere umasowa masiku angapo, ife n'kumati tathana nazo. Pansi pa simenti manthu akuikirabe. Ndipo sali yekha. Chisa cha nyerere ya mutu waukulu chimakhala ndi amanthu ambiri, ndipo sichidalira kuti ana a mapiko auluke kukayamba kwina. Manthu mmodzi amangonyamuka wapansi ndi gulu la antchito atasenza mphutsi, n'kukakhazikika mamita ochepa chabe kuchokera pa chisa chakale. Zisa zatsopanozo sizidana ndi chakalecho. Antchito amayenderana momasuka, moti mdadada wonse wa nyumba ukhoza kukhala pamwamba pa banja limodzi lolumikizana pansi. Nyerere za amanthu ambiri zikavutitsidwa ndi mankhwala onunkha zimagawikana, gulu ili uku, gulu ilo uko. Zili ngati kudula kholowa n'kumwaza zidutswa zake pa dothi lonyowa, chidutswa chilichonse chimagwira mizu.

Nanga m'nyumba zimalowera pati? Yankho lili m'mbiri ya mizinda yathuyi. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa kopa mu 1932, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa pambali pake mu 1936. Anthu ochokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson kumene lero timati ku Chipata, ku Luapula ndi kumpoto anadzaza makomboni a mgodi, ndipo bambo anga anadzatsata njira yomweyo pambuyo pake. Ndinakulira ku Wusakile m'nyumba ya mgodi. Masiku a ZCCM, kampani ya migodi imene inapangidwa mu 1982, mpopi ukadontha munthu ankangokanena, anyamata n'kubwera ndi sipanala. Zinyalala zinkatengedwa, ngalande zinkalambulidwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, migodi ikupita m'manja mwa makampani ena, nyumbazo zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo nyumba za khonsolo zinali zitayamba kale kuyenda njira yomweyo mu 1996. Kukhala ndi nyumba yakoyako n'chinthu chabwino, ndipo sindingafune kuti tibwerere m'mbuyo. Koma ambiri analandira nyumba pa nthawi yomwe ntchito inawathera. Nyumba ya zaka 50 kapena kuposa imafuna simenti, mapaipi atsopano, mafelemu a zitseko, pamene mwini wake akusowa ndalama ya ufa. Ndiye pansi panang'aluka, paipi ya pansi pa sinki inayamba kuchucha chaka chonse, ndipo kuseri anamangako tizipinda ta lendi ta njerwa za pachulu kuti banja lipezeko kangachepe. Kwa nyerere ya mamilimita 2, mng'alu wolowa nsonga ya singano ndi wokwanira, ndipo paipi yochuchayo imaipatsa madzi Okutobala yense. Ndikaona mzere wa nyerere m'nyumba ya mkazi wamasiye wa mmigodi ku Wusakile, chimene chimandibwerera m'mutu ndi mtengo wa thumba la simenti.

Mzere uja ukatulukira panja, kawirikawiri suthera pa una pokha. Nthambi yake ina imakwera mumtengo. Mabwalo ambiri a makomboni akale ali ndi mango, gwafa, ndimu kapena peyala zimene anabzala makolo athu. Tembenuzani tsamba la ndimu kapena nsonga ya gwafa, mudzapeza nsabwe za zomera, zina zobiriwira, zina zakuda, zina zoyera zaubweya zomatirira pa khungwa. Nsabwezi zimayamwa madzi a mtengo, ndipo popeza madziwo ali ndi shuga woposa amene matupi awo akufuna, wotsalayo zimamutulutsa m'timadontho totsekemera. Nyerere zimasisita nsabwezo ndi tinyanga kuti dontho lituluke, zimapirikitsa tizilombo tina timene tikanadya nsabwezo, ndipo pena zimazinyamula kukaziika pa nsonga yanthete. Masamba akuda bii amene timaona pa mitengo ya ndimu ndi chuku chomera pa timadontho timeneti. Ku Hawaii ubale womwewu unafalitsa matenda ofotetsa chinanazi, ndipo alimi anaona kuti kuchepetsa nyerere ndiko kunkachepetsa nsabwezo. Kwa zisa zambiri za pabwalo, shuga wodalirika ali mumtengomo, tsiku ndi tsiku. Ndipo nthambi ya mango ikagunda malata, nyerere zimatsikira m'nyumba kuchokera kudenga, mwini wake ali kalikiliki kutseka ming'alu ya pansi.

Kukula kwa mphamvu ya kanyerereka ndinakumvetsa nditawerenga za ku Kenya. Mu Januwale 2024 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa Douglas Kamaru ndi anzake, wochitikira ku Ol Pejeta Conservancy m'dera la Laikipia. Kumeneko kuli mitengo imene minga yake ndi yotupa patsinde, ya mphako m'kati, ndipo m'mphakomo mumakhala nyerere zaukali za mtundu wa Crematogaster. Njovu ikati ithyole nthambi, nyererezo zimailowa m'chitamba n'kuiluma, njovu n'kuchoka. Nyerere ya mutu waukulu itafika m'derali, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inapha eni mitengo aja n'kudya ana awo, koma yokha mtengo siuteteza. Njovu zinayamba kuthyola ndi kugwetsa mitengo mowirikiza ka 5 mpaka ka 7. Tchire litayera, mikango inasowa pobisala, kugwira mbidzi kunaivuta, ndipo inatembenukira ku njati. Nkhaniyi imandiganizitsa za mabwalo athu. Kumene nyerere imeneyi yakhazikika, mitundu ina ya nyerere imasowa, ndipo palibe amazindikira, chifukwa kwa ife nyerere ndi nyerere basi. Chonsecho mitundu yolembedwa pa dziko lapansi ndi yoposa 14,000, ndipo kafukufuku wa mu 2022 anawerengera kuti pa munthu mmodzi aliyense pali nyerere pafupifupi 2.5 miliyoni. Zochuluka mwa izo sizinalowepo m'nyumba ya munthu. Zimafukula nthaka, zimakwirira njere, zimadya mbozi za m'munda. Tikathira mankhwala bwalo lonse timapha zimenezo poyamba, ndipo malo otsalawo amadzazidwa ndi yomwe ija ya amanthu ambiri.

Linthumbu, limene anzathu a Chibemba amati impashi, lili ndi khalidwe lina. Ndi la mtundu wa Dorylus, antchito ake alibe maso, ndipo gulu limodzi limafika mamiliyoni. Silikhalitsa malo amodzi. Limabwera nthawi ya dzinja, kawirikawiri usiku, ndipo limafuna nyama yokha. Amayi anga ankadzuka n'kuwaza phulusa lamoto pakhomo ndi mozungulira khola la nkhuku, ndipo likakhala kuti lalowa kale tonse tinkatuluka panja titafunda zitenje. N'loopsa kwa khanda, kwa wodwala wosatha kudzuka ndi kwa nkhuku zotsekeredwa. Koma kukacha limakhala litapita, ndipo mphemvu za m'nyumba zimapita nalo.

Wina asamve ngati ndikuti nyerere za m'nyumba zilibe vuto. Pali kena kakang'ono kuposa ya mutu waukulu, kachikasu, Monomorium pharaonis, kamene Linnaeus anakalemba mu 1758 ndipo lero kanafalikira m'mizinda ya dziko lonse. Kameneka sikafuna dothi. Kamamanga chisa m'kati mwa khoma, kuseri kwa swichi ya magetsi, pakati pa nsalu zopinda, ndipo kamagawikana msanga kakapoperedwa. Mu 1972 Susan Beatson analemba mu The Lancet kuti nyerere zimenezi, zotoledwa m'zipatala za ku Britain, zinali zitanyamula majeremusi monga Salmonella ndi Staphylococcus. Nyerere imene yadutsa m'ngalande kapena kuchimbudzi ikhoza kudzadutsa pa phala la mwana. Kuvundikira chakudya ndi kutsukanso kapu musanamwetsere mwana n'koyenera ndithu, ndipo mantha a apongozi aja ali ndi maziko. Chimene ndikukana ndi kusandutsa manthawo kukhala manyazi a munthu mmodzi, chifukwa manyazi ndi amene amathamangitsira mayi kumsika kukagula chiphe chilichonse chimene wogulitsa wanena kuti chimapha lero lomwe.

Ndipo chiphecho chilipo chambiri. M'misika ndi m'misewu yathu mumagulitsidwa choko chophera nyerere ndi mphemvu, ufa wa m'timapepala topanda dzina, ndi madzi a m'timabotolo otsanulidwa kuchokera ku mankhwala a m'munda. Chokocho chimakhala ndi mankhwala monga deltamethrin kapena cypermethrin, koma maonekedwe ake ndi a choko cha kusukulu, ndipo mwana wa zaka zitatu sangasiyanitse. Lamulo la zachilengedwe la mu 2011 linapatsa bungwe la ZEMA udindo woyang'anira mankhwala ophera tizilombo m'Zambia, koma kapepala kopanda dzina sikanena mlingo, sikanenanso chochita mwana akameza. M'nyumba ya zipinda ziwiri, pamene pathiridwa ufawo ndi pomwe khanda limakwawa, ndi pomwenso pali thumba la ufa wa nsima. Anthu a ku Wusakile ndi a ku Kankoyo ku Mufulira amaudziwa utsi wa ku migodi wotchedwa senta, mmene umayabwira pakhosi ndi kupsereza masamba a ndiwo. Zimandiwawa kuona ana a anthu amene anapuma senta akupumanso utsi wa m'chitini madzulo aliwonse, mazenera ali otseka, chifukwa cha nyerere zimene zidzabwerabe sabata yamawa.

Njira imene imagwira ntchito imadalira kugawana chakudya kuja. Ndi nyambo: chakudya chimene nyerere zimakonda, chosakaniza ndi mankhwala opha pang'onopang'ono, kuti wonyamulayo afike nacho kuchisa, amwetse anzake, mphutsi ndi amanthu. Ofufuza anapeza kuti boric acid wochepa kwambiri, gawo limodzi pa magawo 100 a madzi a shuga, amagwira bwino kuposa wochuluka, chifukwa wochuluka amapha nyerere isanafike kwawo kapena zimangomukana. Kwa ya mutu waukulu, nyambo ya mafuta kapena ya chiponde imakoka kwambiri. Imeneyinso ndi mankhwala, choncho iikidwe m'kabotolo kotseka koboola timabowo ting'onoting'ono, kuseri kwa kabati kumene mwana ndi nkhuku sangafike. Chovuta chake ndi mtima wa munthu. Masiku oyamba nyerere zimachuluka pa nyambopo, ndipo dzanja limayabwa kuti lipopere, pamene zikufunika kusiyidwa zinyamule kwa masabata angapo. Ku Kakadu National Park ku Australia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nyerere ya mutu waukulu inathetsedwa m'malo amene inalowerera pogwiritsa ntchito nyambo ya timibulu ta mafuta. Zina zonse agogo athu ankazidziwa kale: miyendo ya kabati kuiimika m'zitini za madzi, shuga ndi nsinjiro kuziika m'mabotolo a zivundikiro zopota, kutsira phulusa kapena kumata dothi pa una wa pakhomo. Powonjezera apo ndi kumata ming'alu ndi simenti, kumanga paipi yochucha, kutsuka nsabwe za mumtengo ndi madzi a sopo, ndi kudula nthambi zogunda denga.

Chimene chatsala ndi mpanda. Chisa cholumikizana pansi chimadutsa malire a mapuloti, ndipo nyumba imodzi ikaika nyambo yokha, malo amene ayera amadzazidwanso kuchokera kwa oyandikana nawo. Kale mdadada wonse unali ndi mwini mmodzi wokonza. Lero khomo lililonse lili ndi mwini wake, ndipo wa lendi sangaswe kapena kumata pansi popanda chilolezo. Pabwalo pamene mng'ono wanga amakhala, mabanja angapo amatunga pa mpopi umodzi, ndipo nthaka yozungulira mpopiwo siuma chaka chonse. Amayi a pabwalopo anakhala pansi n'kugwirizana kuti aike nyambo sabata imodzi, nyumba zonse, ndipo anatuma wamkulu mwa iwo kwa alandilodi. "Bambo, tikupempha thumba la simenti ndi munthu womanga mpopi, ndalama yake muchotsere pa lendi." Alandilodi anavomera za simenti ndi za mpopi. Za kudula nthambi za mango zogunda malata anakana, chifukwa mtengo unali utabereka kale ndipo mangowo amagulitsa. Anati adikire mpaka mango athe mu Januwale.